Foni Inalira M'ndowa

Ine mpira sindiukonda, ndipo sindinaukondepo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu akamva kuti ku Perth ndinkaonera mpira wa ku Ulaya ndi anzanga, amayamba kundifunsa mayina a osewera. Sindiwadziwa. Ntchito yanga pa masiku a mpira inali yolondera ndowa.

Ndinakulira kwa agogo anga ku Mchesi, mu Lilongwe. Bambo sindinawaone, ndipo amayi anamwalira ndili wamng'ono. Agogo ankaswa miyala m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Phokoso la hamala linawagonthetsa makutu, moti kuyankhula nawo kunali kukuwa. Choncho tinkangokhala chete, ine n'kumayang'ana nkhope yawo kuti ndidziwe ngati kuli chakudya kapena kulibe. Tsiku limene ndinkanyamuka sanandiperekeze ku bwalo la ndege. Anayang'ana nsapato zanga zatsopano, nati, "Zikukuthina," n'kubwerera ku mulu wawo wa miyala. Zinkandithinadi.

Ku Perth ndinapita ngati wophunzira, koma chimene chinandisunga ndi msika waukulu wa zamasamba ndi zipatso wa ku Canning Vale. Ndinkanyamula makireti a kabichi ndi kaloti kuchokera m'zipinda zozizira kupita nawo ku malole. Dzuwa likamakwera ife tinkakhala titaweruka kale, zala zitachita dzanzi. Zimene ndinkapeza ndinkazigawa patatu: lendi, sukulu ndi agogo.

Ndinkakhala ku Bentley, m'nyumba yakale ya njerwa zofiira, ndi anthu awiri. Woyamba anali a Mwale, bambo wa imvi zochepa, makaniko wa malole akuluakulu ku mgodi wa chitsulo wa kumpoto. Ankapitako pa ndege, n'kukhala kumeneko masabata angapo, kenako n'kubwera kudzapuma. Wachiwiri anali Mulenga, wa ku Zambia, wokonza magetsi ku mgodi wina. Mulenga ankayankhula ngakhale ali yekha m'bafa.

A Mwale ankakonda timu ina ya ku England yovala buluu, ndipo ankaitchula kuti "ana anga". Vuto linali lakuti mpira wa ku Ulaya umafika ku Perth anthu ali mtulo, ndipo munthu wogwira makina olemera sangamachezere pa kanema. Ndiye iwo ankaujambula, n'kudzauonera masana ngati kuti ukuseweredwa nthawi yomweyo. Kuti zimenezi zikome, pankafunika kuti munthu asamve zotsatira. Apa m'pamene panali mdani wawo wamkulu: akazi awo, aNabanda.

ANabanda anatsala ku Lilongwe ndi mwana wawo wamkazi, Tadala, ndipo ankagulitsa zitenje. Mpira sankauonera. Ankangofunsa anyamata a pamalo oonetsera kanema, kenako n'kuimba foni.

"Bambo a Tadala, mwaswera bwanji uko? Akutitu ana anu abuluu aja awakwapula ziwiri. Pepani, koma mudye ndithu."

Akatero ankadula foni, a Mwale n'kutsala akukuwa m'khitchini, mpira asanauyambe n'komwe.

Ndowa inabwera chifukwa cha mayi amenewa. Inali yoyera, ya pulasitiki, ndipo ndinachita kuitola kumsika. Lamulo linali lakuti aliyense wolowa kudzaonera mpira aponyemo foni yake, ndipo asaikhudze mpaka woimbira ataliza wezulo womaliza. Ine anandisankha kukhala mlonda chifukwa zotsatira ndinkakhala nditazimva kale kwa anzanga a kumsika, koma nkhope yanga sinkaulula.

"Uyu mudala, olo nyumba ipye, nkhope siichinja," ankatero Mulenga.

Ena ankazimitsa mafoni awo asanaponye m'ndowa, koma a Mwale ayi. Foni yawo anaiika nyimbo ya kwaya ya amayi kuti izilira akamaimba aNabanda okha. Ikayamba kulira m'ndowamo, iwo ankagwedeza phazi motsatira nyimboyo.

"Isiyeni ilire. Avutike nawo mayi amenewa."

ANabanda atatulukira za ndowa, anayamba kudzera kwa ine. Sindinakumanepo nawo maso ndi maso, tinkangoonana pa vidiyo ya foni, koma ankanditchula alamu. "Alamu, ingowanong'onezani kuti lero alira. Ndikutumizirani tsabola wa kambuzi." Ine sindinanong'onezepo, koma kambuzi ankabwera ndithu, m'kabotolo komata bwino, kudzera kwa aliyense wochokera kumudzi.

Mliri utafika, malire anatsekedwa. Zikalata zoti aNabanda abwere kudzakhala ndi amuna awo zinali zitatsala pang'ono kutheka, koma zinaima pomwepo. Ku Perth matenda sanatipeze kwenikweni. Kupatula masiku ochepa otsekeredwa m'nyumba, tinkapita kuntchito, kutchalitchi, ngakhale kumasitolo a ku Morley. Zimenezi zinkatichititsa manyazi, chifukwa kumudzi kunkangomveka maliro. Tinkakhuza maliro pafoni, bokosi likuoneka laling'ono ngati la machesi, netiweki n'kumadukaduka pakati pa nyimbo.

Mpira umene ndikufuna kunena unali wa chikho cholimbirana akatswiri awiri. Timu ya a Mwale inali itatenga chikho chachikulu cha ku Ulaya, ndipo timu ina yovala chikasu, ya m'katawuni kakang'ono ku Spain, inali itatenga chikho chotsatira. Tsopano ankakumana kuti aone wamkulu. A Mwale ankati, "Mafumu awiri, mpando umodzi." Anasinthana shifiti ndi mnzawo kumgodi n'cholinga choti adzaonere ali kunyumba.

Atangofika anaimbira akazi awo. Ndinawamva akufunsa za chifuwa, aNabanda n'kuyankha kuti ndi chimfine chabe cha nyengo yozizira. Asanadule foni, aNabanda anati, "Mawa ndikupezani. Kaya kuli ndowa, kaya kulibe, ndikupezani."

Mawa lakelo kunagwa mvula yozizira ya ku Perth, ija yobwera chammbali. Nditaweruka ndinavula jekete langa lonyowa n'kulikoleka kuchipinda, foni ili m'thumba momwemo. Masana kunabwera a Chirwa, katswiri wa miyala ya m'migodi amenenso anali mkulu wa mpingo wathu. Ankakhala ku Morley ndi banja lawo, ndipo anabweretsa mpunga ndi nkhuku zimene anaphika akazi awo. A Chirwa analibe timu. Ankangochemerera aliyense wosewera ndi ana a a Mwale.

Mafoni atatu analowa m'ndowa. Ine ndinakhala pampando wanga wa pafupi ndi chitseko, ndowa ili pakati pa miyendo.

Mpira usanafike patali, kwaya ya amayi inayamba kuimba m'ndowa.

"Ayamba!" anakuwa Mulenga. "Ba Mwale, madamu bafuna kukupatsani nyuzi."

"Mlonda, gwira ntchito yako," anatero a Mwale, akuseka. Anali atavala jezi yawo ya buluu pamwamba pa juzi, mimba ili tolotolo.

Abuluu anamwetsa chigoli. A Mwale anavina mpaka anagunda tebulo. Foni inaliranso, n'kusiya, n'kuliranso. Achikasu anawomba chitsulo cha golo, a Chirwa n'kugwira kumutu. Foni inaliranso.

"Lero alimbikira," anatero a Chirwa. "Ndiye kuti kutsogoloku kuli zinthu."

"Nsanje basi. Akufuna andiwonongere tsiku."

Ine ndinkamva ndowa ikunjenjemera pa akakolo anga, ndipo chinachake sichinkandikhalira bwino. ANabanda ankaimba kamodzi kapena kawiri, kenako ankadzera kwa ine. Sanali munthu woumirira chonchi. Komanso kwathu kunali kukungocha kumene, nthawi imene iwo ankakhala akuyala zitenje zawo. Achikasu atabweza chigoli m'chigawo chachiwiri, phokoso lili pakati, ndinadzuka mwakachetechete n'kupita kuchipinda. Foni yanga inali ikulira m'thumba la jekete. Nambala inali ya aNabanda.

"Alamu, lero ayi," ndinatero.

"Ankolo, ndine Tadala."

Mawu ake anali ouma, ngati a munthu amene walira mpaka misozi yatha. Anandiuza kuti amayi ake anabanika usiku, anathamangira nawo kuchipatala, ndipo kutacha anatisiya. Ankagwiritsa ntchito foni ya amayi ake chifukwa yake inali itatha moto.

"Achipatala akuti thupi silipita kunyumba. Awakulunga m'mapulasitiki, bokosi alitsekera konkuno, kenako molunjika kumanda. Koma nesi wina wandimvera chisoni. Akuti andilola ndiime pakhomo ndi foni, adadi awaone nkhope asanawaphimbe. Akungodikira galimoto. Ikangofika, basi."

"Ndamva."

"Amalume akuti musawauze nokha. Akuti mupeze akuluakulu. Koma ankolo, fulumirani."

Ndinaima pakhomo la pabalaza n'kukodola a Chirwa. Anabwera kukhitchini akunyambita zala. Nditawauza, anatsamira pa sinki, navula magalasi awo.

"Ambuye," anatero. "Tamvera, mphwanga. Uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Munthu uyu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Adye kaye, akhute. Ndiitane abusa ndi mayi akunyumba, tikhale pansi ngati anthu. Mpira watsala pang'ono kutha. Ukatha tizimitsa kanema, iwo akhala ali m'njira."

Anapapasa m'thumba kufuna foni yawo, nakumbukira kuti ili m'ndowa. Anabwereka yanga. Atamaliza kuimba, ndinawauza za nesi uja ndi za galimoto.

"Zakumudzi umazidziwa. Galimoto ikati ikubwera, ndiye kuti masana."

"Komanso mpirawu suthera pamene mukuganizapo. Ukubwera ndi..."

"Usandiuze!"

Anatseka makutu ndi manja onse awiri. Chinali chizolowezi chabe, chija cha masiku onse a ndowa. Atazindikira zimene achita, anatsitsa manja pang'onopang'ono, maso ali pansi. Sindinawaonepo a Chirwa ali ndi manyazi ngati tsiku limenelo.

"Tidikire abusa," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinaonapo munthu akugwa n'kufera pomwepo chifukwa chouzidwa mwadzidzidzi. Sindikufuna maliro awiri."

Sanali kunama, ndipo sanali munthu wouma mtima. Anali wamkulu, ine wamng'ono. Ndinabwerera pampando wanga.

Nthawi yokhazikika inatha zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, ndipo anayamba nthawi yoonjezera. A Chirwa anandiyang'ana kamodzi, kenako anatenga mbale ya a Mwale n'kuidzaza mpunga. Anasankha ntchafu ndi nthutumba n'kuika pamwamba.

"Idyani, achimwene."

"Iii, a Chirwa, lero mwandikonda bwanji? Nthutumba mumadya nokha inu."

"Idyani basi."

Mbale imeneyo inandibwezera ku Mchesi. Tsiku limene amayi anga anamwalira, anthu anandichotsa kunyumba n'kundipititsa kwa mayi ena oyandikana nafe. Anandipatsa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, zinthu zimene sindinkaziona ngakhale pa Khirisimasi. Ndinadya mosangalala. Anandionjezera, ndinadyanso. Pamene ankandibweza kunyumba kuti akandiuze, bokosi linali litakhomedwa kale misomali. Ankati mwana sayenera kuona, angamalote. Amayi analibe chithunzi. Ndinakula ndikuyesa kukumbukira nkhope yawo, koma chimene chinkabwera ndi kukoma kwa majarini. Nditakula, tsiku lina tikuswa miyala, agogo ananena mosayang'ana kwa ine kuti, "Ndinawauza kuti akuonetse. Anandikaniza." Sanabwerezenso nkhaniyo.

A Mwale ankadya maso ali pa kanema. Osewera anali atatopa, ena akugona pansi kuwongola miyendo. Kwaya inaliranso m'ndowa.

"Imbani, mayi, imbani," anatero a Mwale, mkamwa muli mpunga. "Mwina taluzadi. Koma ndidziwonera ndekha."

"Ba Mwale, yankhani chabe, bakuuzeni mwamsanga, mtima ukhale pansi," anatero Mulenga.

"Ndayankhapo liti?"

Ndinkayang'ana pawindo. Mumsewu munalibe galimoto ya abusa, munali mvula yokha. A Chirwa ankayang'ana kanema koma sankaona kanthu. Milomo yawo inkagwedera, ndikuganiza kuti ankapemphera.

Nthawi yoonjezera itatsala pang'ono kutha, kunachitika chinthu chimene chinaimiritsa a Mwale. Mphunzitsi wa abuluu anaitana goloboyi wina, wapabenchi, kuti alowe m'malo mwa amene anasewera mpira wonse, akagwire mapenate. Mnyamatayo anaima pamzere akukoka magolovesi.

"Wapenga mzungu uyu! Ukuchotsa munthu wotentha, kulowetsa wozizira?"

Nthawi yomweyo foni yanga inanjenjemera m'manja. Ndinaiika kukhutu.

"Ankolo, galimoto yafika."

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndikukumbukira kuti ndinatenga rimoti patebulo n'kuimitsa kanema. Goloboyi uja anauma pamzere pomwepo, dzanja limodzi lili m'mwamba.

"Iwe!" anakuwa Mulenga. "Wafuntha?"

Ndinavula chipewa, ndinapita patsogolo pa a Mwale, n'kukhala pansi pa kapeti. Kwathu munthu wamkulu sakhala pansi pamaso pa mnzake popanda chifukwa. Ndinaona nkhope yawo ikusintha ndisanatsegule pakamwa. Anayang'ana ine, anayang'ana mbale yodzaza ija, anayang'ana a Chirwa, kenako anayang'ana ndowa.

"Mphwanga," anatero a Chirwa kumbuyo kwanga.

Mawu ozungulira amene akuluakulu amayamba nawo sindinkawadziwa bwino, ndipo nthawi yake panalibe.

"Bambo, amene amaimba uja si mayi. Ndi Tadala. Mayi atisiya m'mawa uno kuchipatala. Akufuna kuwaphimba. Ngati mukufuna kuwaona nkhope, ndi pano."

Sanagwe. Anakhala pampando pang'onopang'ono, ngati munthu amene akutsitsa katundu wosweka. Anayang'ana manja awo, amene anali ndi mafuta a nkhuku, nawapukuta bwinobwino pa jezi ya buluu ija, chala chimodzichimodzi. Kenako anatambasula dzanja.

Ndinayatsa vidiyo n'kuwapatsa foni. Poyamba kunaoneka Tadala, maso okha pamwamba pa masiki. Anangoti, "Adadi," n'kutembenuza foni. Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa khoma, chinaonetsa munthu wovala zoyera thupi lonse, kenako chinakhazikika. Aka kanali koyamba kuti ine ndiwaone aNabanda osaseka. Anali ngati agona atatopa ndi msika.

A Mwale anayandikitsa foni kumaso.

"Nabanda," anatero. "Ndine. Ndayankha."

M'nyumbamo munangomveka mvula padenga.

"Ndayankhatu, mayi. Nenani."

Anakhala akuyang'ana. Kenako anakweza mawu pang'ono, mawu awo a masiku onse. "Tadala, duku la amayi ako lapendekeka. Sangapite chonchi, umawadziwa. Apemphe anesiwo awakonze."

Tinamva Tadala akupempha. Manja a magolovesi analowa m'chithunzi, nakonza duku lija mosamala, nabisa tsitsi limene linatuluka pamphumi.

"Eya. Choncho. Zikomo, mayi, Mulungu akudalitseni."

Pamenepo anawaphimba. Foni inaonetsa denga la chipatala, kenako inaduka.

Kulira kwa a Mwale kunayamba pansipansi, ngati injini yakutali. A Chirwa anagwada pambali pawo n'kuwagwira msana. Mulenga, amene sindinamuonepo atasowa mawu, anatenga ndowa n'kukhuthula mafoni patebulo, kenako anatuluka nayo panja pamvula. Abusa ndi akazi a a Chirwa anafika bokosi lili kale pamsewu wopita kumanda.

Nyumba yathu inasanduka siwa. Amalawi a ku Perth anabwera, ena atavala yunifolomu za kuntchito. Amayi anakhala pansi pabalaza, abambo m'galaja mozungulira hita. Ana obadwira komweko ankapereka moni m'Chingerezi chawo cham'mphuno, n'kumadabwa chifukwa chimene kanema waphimbidwa ndi chitenje. Pa tsiku lachitatu ndikutsuka mbale, a Chirwa anabwera n'kuyamba kupukuta. Pomaliza anati, "Ndinkaopa, mphwanga." Ndinati, "Inenso." Sitinaikambenso.

A Mwale sanathe kupita kumudzi. Akanatuluka, sakanaloledwa kubwerera, ndipo Tadala anali adakali pasukulu. Anabwerera kumgodi. Akabwera kudzapuma ankakhala m'chipinda chawo, kapena ankapita nane kumsika kukangoona malole. Ndowa inathera kuseri kwa nyumba, Mulenga anadzalamo tsabola. Malire atatsegulidwa, a Mwale analongedza zipangizo zawo n'kupita osabwereranso.

Ine ndinatsala zaka zina, kenako nanenso ndinabwerera. Ndinapeza Lilongwe itatambasuka, misewu ina sindinkaidziwa. Abale amene kale sankadziwa kumene ndimagona tsopano ankanditchula bwana, maso ali pa zikwama. Agogo anali atasiya kuswa miyala chifukwa maso anachita khungu. Ankakhala pakhonde la nyumba imene ndinawamangira, koma m'manja ankasungabe kamwala, n'kumakatembenuza.

A Mwale ndinakawapeza ku Mitundu, kumene anatsegula malo okonzera injini za zigayo. Anali ataonda, imvi zitadzaza mutu. Titadya, anatuma mdzukulu wawo, mwana wa Tadala, kuti abweretse ndowa ya kubafa.

"Ponyamo foni yako, mlonda."

"Bambo, simunamve amene anapambana?"

"Ndinamva. Dziko lonse linandiuza. Koma sindinaone."

Tadala anali atawapezera mpira uja n'kuuika pa kanema. Anauyambira pamene ndinauimitsa. Goloboyi uja anatsitsa dzanja lake n'kuthamangira m'bwalo. Tinaonera mapenate onse, imodziimodzi. Mnyamata wozizira uja atagwira penate yomaliza, abuluu onse n'kumuthamangira, a Mwale sanadumphe. Anatembenuka n'kuyang'ana ndowa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi a Tadala akanati ndi mwayi chabe," anatero.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinakhala ndi agogo pakhonde. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinayandikira khutu lawo n'kuyamba kuwafotokozera nkhani yonseyi, mokuwa, anthu odutsa mumsewu akutiyang'ana. Za mpira sanazimvetse. Nditafika pamene ndinaimitsa kanema, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe unayankhula? Iweyo? Pamaso pa akuluakulu?"

"Ndinayankhula, agogo."

Anasiya kuseka. Kamwala kaja kanaima m'manja mwawo.

"Anamuona mkazi wakeyo?"

"Anamuona."

"Nkhope?"

"Nkhope."

Anagwedeza mutu. Anaika kamwala pansi, natambasula dzanja kufunafuna mpaka anapeza chibwano changa. Zala zawo zinali zokhakhala ngati kale. Anapapasa masaya, mphuno, kenako anandikankha mlomo wapamwamba ndi chala chachikulu.

"Mpata wa pamanowu ndi wa amayi ako," anatero. "Mphumi ndi yawonso. Mphunoyi ayi, iyi ndi ya anthu ena. Tsiku lija la maliro awo anavala duku lobiriwira. Ndinawamanga ndine, ndipo silinapendekeke."